Mizere ya Choko pa Chitseko cha Kabati

"Siya matabwawo, bwera kuno! Bwera udzaone zimene akukuchita mkazi wako m'nyumba mwako momwe!"

Mawu a apongozi ake anamveka mpaka kumsewu. Kasingano anaimitsa phazi pa makina osokera, ulusi n'kuduka. Iye anali atawauza bwinobwino kuti mabatani oyera ali m'chitini cha pa shelefu yapamwamba, koma iwo m'malo moyang'ana chitini anayang'ana chitseko. Tsopano anali ataima pamenepo, dzanja lina m'chiuno, lina litakankha chitseko cha kabati mpaka mahinjesi kulira.

Mwamuna wake analowa kuchokera ku shedi ya kuseri, utuchi uli mbuu m'tsitsi, misomali itatu ili pakamwa. Chizolowezi chimenechi ndicho chinamupatsa dzina, moti mumsewu wonsewo ana ndi akulu omwe ankangoti a Misomali. Dzina la Kasingano anamupatsa mkaziyo ndi iyeyu, masiku akumufunsira, poti anali mtsikana wowonda, wolunjika, wosalankhula kawiri.

"Kwagwanji, amayi?" anafunsa atalavulira misomali m'dzanja.

"Kwagwanji? Werenga apa. Iwe kusukulu unapitako."

Mkati mwa chitsekocho munali mizere ya choko cha utelala, kuyambira pamwamba mpaka kutsala pang'ono kufika pansi. Mzere uliwonse wopingasa unali mwezi umodzi, ndipo inalipo khumi ndi inayi. M'mizeremo munali timizere tofiira, tabuluu tambirimbiri, ndipo apo ndi apo panali kamtanda koyera.

"Zaka zinayi!" anakuwa apongozi aja. "Zaka zinayi ndikungoyang'ana pamimba pa munthu ngati ndikudikira basi. Anzanga misana yawawa ndi zidzukulu, wanga ukungowawa ndi ukalamba. Mkazi wa wogulitsa nyama anandiuza kale kuti atsikana a masiku ano amawerenga masiku, ili ayi, ili inde, kuti mimba isagwire. Ine n'kumati ndi miseche. Nanga si izi?"

"Si zimenezo, amayi," anatero Kasingano.

"Nanga n'chiyani? Mukuwerenga nkhuku?"

"Tofiirato ndi masiku amene ndili kumwezi. Tabuluuto ndi masiku amene m'mimba mukundipweteka. Ndimalemba kuti ndidziwe masiku oti ndisalonjeze munthu chovala. Mukukumbukira diresi la ukwati lija ndinalephera kulimaliza, mayi wa mkwatibwi n'kudzanditukwana pakhomo pano anthu akuona? Ndinayamba kulemba mwezi umenewo."

"Kupweteka! Mkazi wake uti amene sapwetekedwa? Kukanakhala kuti aliyense akapita kumwezi amagona masiku asanu, bwenzi dziko lino litafa ndi njala. Ulesi wokha sunakukwanireni, mwawonjezerapo chinyengo."

Misomali anali atagwada, akutsata mizere ija ndi chala chake chakuda ndi vanishi. Sanayang'ane mkazi wake.

"Nanga timitanda toyerati?"

Kasingano anayang'ana kuzenera. Nkhani ya timitanda inali ya kuchipinda. Akanaiyamba bwanji apongozi ali pomwepo, zenera lili lotsegula, ndipo mayi wogulitsa tomato tsidya la msewu atasiya kale kuitanira malonda kuti amve bwino?

"Wamuona? Wasowa chonena!" Apongozi anawomba m'manja kamodzi. "Tamverani, mayi. Mwana wanga ndi mmodzi yekhayu, ndilibe wina. Sindilola kuti mtundu wa bambo ake uthere pa choko. Mwezi uno ukamatha ndione katundu wanu atamangidwa. Makina anuwo mutenge, ndi anu."

Anatola kansalu konyowa kamene Kasingano ankanyowetsera zovala posita, n'kulunjika pachitsekocho. Kasingano anadzuka mofulumira mpaka mpando kugwa, n'kuima kutsogolo kwa kabati manja atatambasula.

"Ichi chokha ayi. Nditukwaneni mmene mufunira, koma ichi musafufute."

"Zisiyeni, amayi," anatero Misomali akudzuka. Mtima wa Kasingano unayamba kutsika, koma mwamunayo anali asanamalize. "Zikhale pomwepo. Akabwera a kwawo adzaone okha."

Anabwezera misomali pakamwa n'kutuluka.

Masiku asanu anadutsa m'nyumbamo mukungolankhula makina ndi hamala. Misomali ankadyera ku shedi, mbale ataika pa tabwa. Apongozi ankasesa pakhomo akuimba nyimbo ya kutchalitchi mokweza, imodzimodziyo kuyambira m'mawa. Kasingano anamaliza mayunifolomu asanu ndi atatu a sukulu, anapinda masiketi awiri, anasintha zipi ya buluku la aphunzitsi. Ntchito yatsopano sanalandire, chifukwa chitseko chinali chitamuuza kale zimene zikubwera.

Lamulungu masana apongozi atapita kukazonda wodwala, iye anatenga kapu ya tiyi n'kupita nayo ku shedi. Anaiika pa benchi, iye n'kukhala pa mpando wopanda chotsamira umene unkadikira mwini wake.

"Bambo, munafunsa za timitanda."

Misomali anapitiriza kupala tabwa.

"Kamtanda kalikonse ndi tsiku limene tinakhalira limodzi, ine n'kutsala ngati wina walowetsa sizasi m'kati n'kumatsegula. Nthawi zina kumapweteka mpaka tsiku lotsatira. Ndikamati ndatopa, sikuti ndimakhala ndatopa nanu. Ndimakhala ndikuopa."

Kupala kuja kunaima.

"Zaka zonsezi, bwanji sunanene?"

"Ndinene kuti chiyani? Kuti mwamuna wanga akandikhudza ndimalira? Mukanamva bwanji? Amayi anga anati akazi ndi mmene tilili, ukadzabereka zidzatha. Kuchipatala ndapitako katatu. Amati imwa mapiritsi awiri, usamachite mantha ngati mwana."

"Nanga ndidziwa bwanji kuti izinso si zopeka? Amayi akuti..."

"Amayi akuti, wogulitsa nyama akuti. Inu mumakhulupirira chinthu mukachiyeza nokha. Ndiye pitani mukawerenge. Buluu amayamba kutatsala masiku anayi kuti kufike kofiira, mwezi uliwonse, osaphonya. Lachiwiri likubwerali ayamba. Loweruka ndidzakhala ndili pansi. Mukadzandione ndi maso anu, osati ndi makutu a amayi. Mukadzaona kuti ndikusewera, katundu ndimanga ndekha, simuvutika n'kundithamangitsa."

Anatuluka kapu ija ikadali yodzaza. Madzulo ake akuchotsa zovala pachingwe, anasuzumira pazenera n'kuona mwamuna wake atagwada pa kabati, pensulo ili kukhutu, milomo ikuyenda.

Chitseko chinaphonya ndi tsiku limodzi. Zinafika Lachisanu.

Dzuwa lili pamutu, Kasingano anali akuyeza m'chiuno mwa mayi wa pa golosale pamene ululu unamugwira kumunsi kwa mchombo n'kuyenderera kumsana mpaka m'ntchafu. Anapepesa, anapachika tepi pakhosi, n'kuyenda chowerama kupita kuchimbudzi. Zimene zinachitika m'menemo anazidziwa yekha. Potuluka anayenda mapazi asanu, dziko n'kuda.

Anatsitsimuka mutu wake uli pa ntchafu ya Misomali, pakamwa pakuwawa masanzi. Diresi linali litanyowa ndi thukuta lozizira ngati wavumbwa ndi mvula.

"Mutsireni madzi adzuka," anamva mawu a apongozi chapatali. "Si unandiuza kuti ananeneratu yekha, ndiye n'zodabwitsa kuti wagwa?"

"Amayi, tabwerani mudzamugwire manja. Munthu angazizire dala? Milomo iyi waipaka phulusa yekha?"

Apongozi sanabwere.

Ku chipatala chaching'ono cha kumapeto kwa msewu anapeza wachipatala wotopa, mzere wa odwala utafika panja. Wachipatalayo anafunsa mafunso awiri, anagwira pamimba, n'kuyamba kulemba m'bukhu la kuchipatala la Kasingano.

"Ndi zakumwezi izi. Mapiritsi awiri katatu pa tsiku, botolo la madzi otentha pamimba."

"Pepani akulu," anatero Misomali, chipewa chili m'manja. "Ine ndine kalipentala chabe. Koma munthu akandibweretsera mpando womwewo kanayi, mwendo womwewo ukugwedezeka, sindipakanso guluu. Ndimaupasula ndione chavuta n'chiyani. Tatsegulani m'mbuyomo m'bukhumo. Aka n'kachinayi."

Wachipatala uja anakweza maso, ngati akufuna kukalipa. Kenako anatsegula masamba a m'mbuyo, limodzi, lachiwiri, lachitatu. Anapumira m'mwamba n'kutenga pepala lina.

"Mukunena zoona, abambo. Kuchipatala chachikulu kuli dokotala wa matenda a amayi, amaona anthu Lachiwiri lililonse. Lachiwiri likubwerali kwadzaza, mupite linalo. Koma mukonzeke, amafunsa kwambiri. Zinayamba liti, masiku angati, kupweteka pati. Ambiri amakangoti kakasi."

Kutatsala tsiku limodzi, Kasingano anakhala pansi ndi kope n'kuyamba kukopera mizere ija. Cholembera chinali chimodzi, chakuda. Atafika mwezi wachitatu anali atasokoneza kale kofiira ndi kabuluu, ndipo anang'amba pepala lachiwiri.

M'mawa mwake anadzidzimuka kumva kabati ikulira. Misomali anali akumasula mahinjesi.

"Mukutani?"

"Ukopera mpaka liti? Tinyamula chomwechi."

"Kuchipatala? Ndi chitseko? Anthu akatiseka!"

"Aseke. Chitsekochi ndinapala ndine, sichichititsa manyazi."

Anachikulunga m'nsalu yotsala ya makatani kuti choko chisafufutike. Akutuluka anapeza apongozi ataima pakhonde, atavala diresi lawo la kutchalitchi, chikwama chili m'khwapa.

"Ndipita nawo. Ndikamve ndi makutu anga dokotala akunena kuti palibe matenda, kuti mawa wina asadzandinamize."

Pageti pa chipatala mlonda anawaimitsa, n'kusuzumira m'nsalu muja.

"Abambo, wodwala ndi uti? Mayiwa kapena chitsekochi?"

"Onse awiri ali ndi kalata imodzi," anayankha Misomali.

Mlondayo anaseka mpaka kutsamira geti. "Pitani, pitani. Khomo lachitatu kumanzere. Koma chikagonekedwa musadzandifunse ine za bedi."

Anadikira pa benchi mpaka dzuwa kupendeka. Dokotala anali mayi wamfupi wa imvi pang'ono, magalasi atapachikika pa chingwe. Anayang'ana anthu atatuwo ndi phukusi lawo, kenako analankhula ndi Kasingano yekha.

"Mafunso anga ena ndi a kuchipinda. Mukufuna awa atuluke?"

Kasingano anayang'ana apongozi ake. Manyazi ndiwo anamutsekera pakamwa tsiku lija, ndipo anaona kumene anamufikitsa.

"Akhale. Amve zonse."

"Chabwino. Kupwetekako kumayamba liti, ndipo kumatha masiku angati?"

Misomali anavundukula chitseko n'kuchiimika pa tebulo, atachigwira m'mbali ngati bolodi ya m'kalasi. Dokotala anavala magalasi. Kasingano anafotokoza za mitundu ya choko, za diresi la ukwati, za timitanda. Dokotalayo anatsata mzere woyamba ndi cholembera, osakhudza, kenako wachiwiri, mpaka pansi. Anatenga nthawi.

"Ndagwira ntchito ino zaka zambiri," anatero pomaliza. "Ndimapempha amayi kuti azilemba masiku, amandibweretsera kapepala ka mizere iwiri. Lero ndalandira chitseko. Taonani apa. Kumwambaku buluu ndi masiku asanu pa mwezi. Kumunsiku wafika khumi ndi awiri. Mwaona kuti akukula?"

"Ndinaona. Ndinkangochepetsa ntchito."

"Magazi amatuluka ambiri?"

"Masiku awiri oyamba ndimasintha pafupipafupi, mwina ola silikwana."

"Mimba imatupa?"

"Masiketi anga onse ndinaika lasitiki."

"Kutopa?"

"Ngati ndasenza matumba a simenti."

"Nanga mukapita kuchimbudzi masiku amenewo, pamapweteka?"

"Kwambiri."

"Kupweteka kwake kotani? Yesani kundifotokozera."

Kasingano anafunafuna mawu. Kubaya sikunali kokwanira, kuwotcha sikunali komweko. Ali chiganizire, mawu ena anatuluka pakona, otsika kwambiri.

"Ngati ukutulutsa mabotolo osweka."

Onse anatembenuka. Apongozi anali akuyang'ana pansi, zala zitafinya chikwama.

"Ndi choncho kumene," anatero Kasingano pang'onopang'ono.

Dokotala anawayang'ana mayi achikulirewo kanthawi, koma sanawafunse kanthu. Anatenga Kasingano kupita naye kuseri kwa katani, anamupima, kenako anamutumiza ku sikani kukajambulidwa m'mimba. Pobwerako anapeza dokotala atajambula chithunzi pa pepala.

"Khalani pansi nonse. Ichi ndi chiberekero. M'kati mwake muli kachikopa kofewa kamene kamakhuthala mwezi uliwonse kukonzekera mwana. Mwana akapanda kubwera kamayoyoka, n'kutuluka ngati magazi. Amenewo ndiye msambo. Tsono kwa amayi ena, minofu yofanana ndi kachikopa kameneka imamera kunja kwa chiberekero, malo osayenera. Pa mabasiketi a mazira, pa matumbo, pa chikhodzodzo. Mwezi ukakwana nayonso imatupa n'kukha magazi, koma magazi akewo alibe khomo lotulukira. Amatsalira m'mimba momwemo, amatupitsa, amasiya zipsera, ziwalo n'kumamatirana."

"Ngati guluu atatayikira m'dirowa," anatero Misomali.

"Ndibwereka mawu amenewo, ndizikauza ophunzira anga. Matendawa dzina lake ndi endometiriyosisi."

Misomali anayesa kulitchula, anakafika pakati n'kubwerera. Kasingano sanayese n'komwe. Anangomva mawu oti dzina lake, ndipo china chake chimene chinamumanga pachifuwa kuyambira ali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu chinamasuka. Misozi inatsika yokha.

"Pepani, mayi, ndikudziwa kuti ndi nkhani yolemetsa," anatero dokotala.

"Ayi adokotala, sindikulira zimenezo. Ndiye kuti chilipo ndithu? Si ulesi? Si mutu wanga?"

"Chilipo. Sikani yaonetsa chotupa cha magazi akale pa basiketi la kumanzere, kukula ngati dzira la nkhuku. Kuti titsimikize zonse pamafunika opareshoni yaing'ono yolowetsa kamera pamchombo, koma chitseko chanuchi ndi sikaniyi zikunena chinthu chimodzi. Ndipo si inu nokha. Mwa amayi khumi alionse, mmodzi ali nawo. Ambiri amangouzidwa kuti apirire."

Apongozi anakonza pakhosi. "Ndiye mizereyi si ya kulera?"

"Ayi, mayi. Wowerenga masiku olera salemba ululu wake. Uyu amalemba kuti asakhumudwitse makasitomala."

"Nanga matendawa amautenga kuti munthu? Kuyendayenda?"

"Sapatsirana, sabwera chifukwa cha chiwerewere, kapena kuchotsa mimba, kapena kulodzedwa. Palibe chimene analakwa."

"Nanga mwana?" Anafunsa ndi Misomali.

"Matendawa amachedwetsa mimba kwa ena, n'zoona. Koma ambiri amabereka, ena paokha, ena titachotsa zotupa ndi zipsera. Sindikulonjezani mwana, ndingakhale ndikunama. Ndikukuuzani kuti njira siinatsekeke. Opareshoni mzere wake ndi wautali, mwina miyezi isanu ndi umodzi. Pakali pano pali mankhwala ogonetsa minofu imeneyi kuti ululu uchepe. Koma ndinene poyera pano, kuti musakakangane kunyumba. Mankhwala ake ndi omwe aja a kulera. Nthawi imene akumwa, mimba siingagwire."

Misomali anayang'ana amayi ake. Kasingano naye, mwa chizolowezi, anapezeka akuyang'ana komweko.

"Musayang'ane uko," anatero dokotala. "Wosankha ndi mwini mimba."

Kasingano anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. Anayang'ana mzere wapansi pa chitseko, wa buluu khumi ndi awiri.

"Ndimwa. Ndipumeko kaye miyezi imeneyi. Mwana ndikumufuna kuposa wina aliyense m'chipinda chino, koma adzapeze mayi woti angathe kumunyamula. Mundilembe pa mzere wa opareshoni lero lomwe."

Anadikira kuti pakona paphulike. Apongozi anasuntha pa mpando.

"Adokotala, akamwa, mabotolo aja amasiya?"

"Kwa ambiri amachepa kwambiri."

"Ndiye mukuchedwa chiyani? Lembani."

Misomali anakaima pa mzere wa mankhwala, chitseko chili m'khwapa. Akazi awiriwo anatsala pa benchi ya pakhonde, pakati pawo pali mpata woti n'kukhala munthu wina. Anaonera anamwino akudutsa, mayi wina akukankhidwa pa njinga ya odwala, mwana akulirira mabisiketi.

"Zaka zisanu ndi zinayi," anatero apongozi osatembenuka. "Ndinakhala zaka zisanu ndi zinayi ndisanabereke uyo waimayo. Pambuyo pake palibenso chinagwira. Apongozi anga ankanditsira madzi ozizira kuti ndidzuke ndikagwire ntchito. Ndinkadzuka. Ndinkakasanzira kuseri kwa nyumba, n'kukwirira ndi phazi kuti asaone. Zinatha zokha nditasiya kusamba."

Kasingano anawatembenukira.

"Ndiye ndikakuonani mwagona, mumtima ndinkati, ine ndinkadzuka, uyu ndani kuti azigona? Sindinadziwe kuti ndi matenda. Ndinkati ndi ukazi."

"Mukanawafunsa adokotala aja."

"Ndifunse chiyani pano? Zanga zinapita." Anatsegula chikwama, anatulutsa nthochi ziwiri, imodzi anasenda n'kumupatsa. "Idya, mwana wanga. Mankhwala safuna m'mimba mopanda kanthu. Kuyambira m'mawa sunalawe chilichonse, ukungolira ngati wamasiye."

Aka kanali koyamba kuti amutchule kuti iwe. Kasingano analandira ndi manja awiri.

Mwezi unatha, ndipo palibe amene anatchulapo za katundu. Misomali anabwezera chitseko pamalo pake, anathira mafuta m'mahinjesi, n'kukhomera kabokosi kakang'ono mkati koikamo choko. Anabwereranso kudyera m'nyumba, ndipo tsiku loyambalo anadya chogwada mutu, kenako anati, "Zija ndinanena za a kwanu zija, unditukwane lero lomwe zithe."

"Ndilibe nthawi," anatero Kasingano. "Mundikonzere mpando wa pa makina, unathyoka mwendo tsiku lomwe lija."

Masiku a buluu atafika, ululu unabwera ndithu, koma unabwera ngati mlendo wodziwa kuti akumuona. Kasingano anagona pa mpando wautali wa m'chipinda chosokera, botolo la madzi otentha lili pamimba, akuonera apongozi ake akusokerera mabatani pa yunifolomu, magalasi a malemu amuna awo ali pamphuno.

Pakhomo panagogoda munthu. Anali mkazi wa wogulitsa nyama, nsalu yonyezimira ili m'manja, maso akuyendayenda m'chipindamo.

"Odi! Iii, atelala agona masana ano? Ine ndimafuna diresi pofika Loweruka."

Kasingano anayamba kudzuka.

"Gona iwe," anatero apongozi. Anaika yunifolomu pambali, anapita pa kabati n'kutsegula chitseko. Anawerenga ndi chala, milomo ikuyenda ngati ya mwana wawo. "Loweruka sizitheka. Bwerani Lachitatu sabata ya mawa adzakuyezeni."

"Nanga si mizere ija munkanena ija imeneyo?"

"Ndi yomweyo. Yaonedwa ndi dokotala wamkulu, inu munaionera kuti? Lachitatu, mayi. Ngati mwafulumira, telala wina ali ku msika."

Mayiyo anapinda nsalu yake n'kutuluka akung'ung'udza. Apongozi anatsala ataima pa kabati. Anatenga choko cha buluu m'kabokosi muja n'kuchitembenuzatembenuza m'zala.

"Lero tilemba bwanji? Kamzere kathunthu?"

Kasingano anamvetsera m'mimba mwake kaye, monga momwe amamvetserera makina akayamba kulira mwachilendo.

"Theka, amayi."

Apongozi anawerama, analemba kamzere kakafupi, kopendekera pang'ono poti dzanja linali lisanazolowere, n'kuuzira fumbi la choko.